ZA M'MUNDA NDI M'MUDZI: Mafelemu a m'Mng'oma, Maina Ao ndi Zopangira Zao



Mwezi wathawu tinakambirana za malo oyenera kuikapo mng'oma: pamthunzi, kufupi ndi madzi, kutali ndi njira ya ana ndi khola la mbuzi. Tsono ena a inu atifunsa, nati: "Aphunzitsi, tamva kuti m'ming'oma ya mabokosi mulowa timatabwa totchedwa mafelemu. Wina atiuza kuti tigule a Langstroth, wina kuti a Hoffman, winanso kuti a pulasitiki ndiwo osatha. Nanga ife tigwire mau a yani?" Funso ili nloyenera, pakuti ndalama imene banja liika pa njuchi ndiyo yomwe ikadagula mbeu kapena kulipira sukulu ya mwana. Tiyankha monga tingathe. Koma tiyambe taulula kupusa kwathu, kuti inu musagwe m'mbuna momwe tinagwa ife.

Chaka china tinapata bokosi la njuchi lopanda kanthu m'kati. Tinalisenza kunka nalo kwa mmisiri wa matabwa, munthu wodziwika pa zitseko ndi mazenera, ndipo tinati: "Amisiri, mutipangire mafelemu 10 olowa umu." Iye anayesa bokosilo, nasankha mlombwa wokoma, naupala bwino, napanga monga apangira felemu la zenera: lolemera, lothina, losasiya mpata ngakhale wolowa udzu. Tinamtama, tinamlipira, tinabwerera kwathu okondwa. Njuchi zinalowa, nizigwira nchito nyengo yonse ya maluwa. Koma tsiku lofula, taonani, felemu liri lonse linali litamatika ku khoma la bokosi ngati lakhomedwa ndi misomali. Tinakanula ndi chikwanje. Thabwa linang'aluka, zisa zinagwa, ana a njuchi anaphwanyika, uchi unayenderera pansi. Njuchi zinalusa, nizituluma ife ndi mbuzi ya mnansi wathu yomwe, ndipo mlandu wa mbuziyo tinakaukamba kwa amfumu. Atapita masiku atatu zinasamuka zonse.

Mmisiri uja analibe mlandu, pakuti anatipatsa chimene tinapempha. Ife tinamtengera dzina, osamtengera muyeso. Akulu anati, safunsa anadya phula. Ndipo chaka chimenecho m'nyumba mwathu munalowa phula ndithu, uchi wochepa.

Felemu nchiani, ndipo linayamba bwanji

Felemu la mng'oma ndilo timatabwa tinai tolumikizana: ka pamwamba, tiwiri ta m'mbali, ndi ka pansi. Ka pamwamba nkotalika koposa, ndipo nsonga zache ziwiri, zimene tizitche makutu, zikolowekedwa pa mkombero wa bokosi, kuti felemu lonse lilendewere osakhudza kanthu. M'kati mwa timatabwa timeneti njuchi zimanga chisa chao, chimene ena atcha malesa. Mauwa tinabwereka ku Chingerezi, ndipo ndi omwewo titchulira felemu la chitseko. Apo mpamene panatisokoneza ife ndi mmisiri wathu. Afalansa alitcha cadre, Ajeremani Rähmchen, ndiko kunena kafelemu.

Makolo athu anaweta njuchi m'ming'oma ya makungwa ndi ya mitengo yogoba, naipachika pamwamba m'nkhalango, ndipo ambiri achita chomwecho kufikira lero. M'mng'oma wotere njuchi zimangirira zisa zao ku denga ndi m'mbali. Mwini sangathe kutulutsa chisa chimodzi kuti aone ngati mfumukazi irikuikira mazira, kapena ngati mwalowa nthenda. Chimene wachidula sichibwereranso. Ku Ulaya nako kunali bvuto lomweli. Kumeneko anaweta njuchi m'madengu a udzu, ndipo ambiri ankazipha ndi utsi wa sulufule kuti atenge uchi.

Chifukwa chache anthu anafunafuna njira yotulutsira chisa ndi kuchibwezera chamoyo. Mlendo wina wa ku England, George Wheler, analemba m'chaka cha 1682 kuti ku Greece anaona madengu okhala ndi timitengo topingasa pamwamba, ndipo njuchi zinamanga chisa chimodzi pa kamtengo kali konse. François Huber wa ku Geneva, munthu wakhungu amene mkazi wache ndi wanchito wache François Burnens anali maso ache, anapanga mng'oma wa mafelemu otseguka ngati masamba a buku, nalengeza zimene anapeza m'chaka cha 1792. Petro Prokopovych wa ku Ukraine anaika mafelemu m'mng'oma wache m'chaka cha 1814. Bambo Johann Dzierzon, wansembe wa ku Silesia, kudera limene lero liri m'dziko la Poland, anaweta njuchi pa timatabwa tosuntha. Komabe anayenera kudula zisa ndi mpeni kumene zinamatika ku makoma.

Amene anamasula mfundo yotsala ndiye Lorenzo Langstroth, mbusa wa ku Philadelphia, m'dziko la America. M'chaka cha 1851 iye anazindikira kuti njuchi zisunga lamulo limodzi m'nyumba mwao. Mpata wochepera mamilimita 6, umene njuchi singapitemo bwino, ziutseka ndi utomoni umene zitenga ku mitengo. Mpata wopitirira mamilimita 9 zimangamo chisa. Koma wa pakati pa miyeso iwiriyi ziusiya wotseguka, pakuti ndiyo njira yao. Tsono iye anapanga felemu lochepera bokosi, lakusiya mpata womwewo kumanzere, kumanja, pansi ndi pamwamba. Ndipo felemu linatuluka losamatika. Boma la America linampatsa kalata ya umwini wa luso limeneli m'chaka cha 1852, ndipo buku lache linatuluka mu 1853. Chuma sanapate nacho chambiri, chifukwa anthu ena anatengera luso lache osamlipira. Mpata umenewu tiutche mpata wa njuchi. Ndiwo umene unasowa m'bokosi lathu lija.

Luso lina linatsata posachedwa. Mu 1857 Johannes Mehring, mmisiri wa matabwa wa ku Germany, anapanga chipepala cha phula chodindidwa timizere ta zipinda za ngondya 6, choika m'felemu kuti njuchi zimangepo molunjika. Mu 1865 Franz von Hruschka, mkulu wa asilikali a Austria, anaonetsa makina ozungulira amene akhutula uchi m'chisa osachiphwanya, kotero kuti chisa chibwerera kwa njuchi chopanda kanthu, nizichidzazanso. Phindu lache nlalikulu, pakuti ophunzira awerengera kuti njuchi zidya makilogalamu 6 kufikira 8 a uchi kuti zipange kilogalamu imodzi ya phula.

Za maina

Tsopano tibwere ku funso lanu. Maina a mafelemu achuluka chifukwa sanena chinthu chimodzi. Monga munthu ali ndi dzina lache ndi la mfunda wache, nakhala Yosefe ndi Phiri nthawi yomweyo popanda kutsutsana, chomwechonso felemu limodzi lingakhale ndi maina awiri kapena atatu.

Maina oyamba anena za ukulu wa bokosi limene felemu lilowamo; amenewa ndiwo a mfunda. Felemu la Langstroth liri ndi kathabwa ka pamwamba kotalika mainchesi 19, ndiwo masentimita 48, ndipo bokosi limodzi lilandira mafelemu 10, ena 8. La Dadant litchedwa ndi dzina la Charles Dadant, Mfalansa amene anasamukira ku Illinois mu 1863, ndipo nlakuya koposa la Langstroth. La National ndilo la ku Britain. Kathabwa kache ka pamwamba nka mainchesi 17, ndipo makutu ache ngatali. Felemu la mfunda wina silikhala bwino m'bokosi la mfunda wina: kapena likana kulowa, kapena ligwera m'kati.

Maina achiwiri anena za kuya. Mwa a Langstroth, lakuya liri ndi mamilimita 232, lapakati 159, losaya 137. Akuya aikidwa m'bokosi la pansi, m'mene mfumukazi iikira mazira ndi m'mene ana aleredwa. Apakati ndi osaya alowa m'mabokosi a pamwamba osungira uchi, kuti munthu athe kuwanyamula. Mukaika felemu losaya m'bokosi lakuya, njuchi zidzamanga chisa chao pansi pache m'malo otsalawo. Mukaika lakuya m'bokosi losaya, chibvundikiro sichidzatseka.

Maina achitatu anena za mapangidwe a timatabwa ta m'mbali. Julius Hoffman, mlimi wa njuchi wa ku New York, anakuza timatabwa timeneti cha kumtunda, kuti felemu likagundana ndi linzache pakhale mtunda woyenera popanda munthu kuyesa ndi chala. La Manley, lotchedwa ndi dzina la mlimi wa ku England, liri ndi mbali zotambalala kuyambira pamwamba kufikira pansi, ndipo ligwira nchito m'mabokosi a uchi. Ku Britain alemba zonsezi mwachidule ndi zilembo: DN4 ndilo felemu lakuya la National la mbali za Hoffman.

Mwaona tsono kuti amene anakuuzani za Langstroth ndi amene anakuuzani za Hoffman sanatsutsane. Wina ananena za utali, wina za mbali. Ndipo mafelemu ambiri ogulitsidwa ali ndi maina onse awiri. Komatu chenjerani: ngakhale mabokosi otchedwa Langstroth asiyana pang'ono kwa mmisiri ndi mmisiri, dziko ndi dziko. Ena asiya mpata wa njuchi pamwamba pa mafelemu, ena pansi pao. Mukasanjikiza mitundu iwiriyi, pena mpata udzasowa, pena udzachuluka kawiri.

Palinso kanthu kena kotikhudza ife a kuno. Mafelemu a Hoffman ochokera kunja apangidwa kuti kuchokera pakati pa chisa kufikira pakati pa chinzache pakhale mamilimita 35, muyeso wa njuchi za ku Ulaya. Njuchi zathu nzochepa thupi, ndipo muyeso wao ndi mamilimita 32. Mamilimita atatu aoneka achabe m'maso mwa munthu; koma pa mafelemu 10 akwana masentimita atatu, pafupifupi malo a chisa china chathunthu.

Tisaiwale mng'oma wina umene ambiri a inu mwauona, wa mbali zopendeka ngati bwato. Unakonzedwa ku Kenya cha m'ma 1970, ndi thandizo la aphunzitsi a sukulu yaikulu ya Guelph ya ku Canada, potsata nzeru ya madengu a ku Greece aja. M'menemo mulibe mafelemu, koma timatabwa ta pamwamba tokha, totambalala mamilimita 32, togundana tonse ndi kukhala denga. Ena atitcha mafelemu, koma dzinalo nlolakwa. Mukauza mmisiri chomwecho adzakupangirani chinthu china.

Za zopangira

Thabwa la felemu likhale lopepuka, louma, losanunkha, losang'aluka pokhoma msomali. Paini ndi malaina akwanira bwino. Mlombwa ndi mbawa ndi mitengo yokoma pa chitseko ndi pa gome, koma pa felemu ilemera, idula ndalama, ndipo timatabwa tating'ono ting'aluka. Mkungudza wa pa phiri la Mulanje musaufune konse, pakuti watsala pang'ono kutha. Thabwa laliwisi lipindika likauma, ndipo kupindika kwa mamilimita awiri kapena atatu kuononga mpata wa njuchi. Thabwa lothiridwa mankhwala a chiswe, kapena lopakidwa mafuta akuda a galimoto, lisalowe m'mng'oma: lipha njuchi ndi kuipitsa uchi umene ana anu adzadya. Utoto upakidwe kunja kwa bokosi kokha. Pa timatabwa ta pamwamba ta mng'oma wa ku Kenya uja, nsungwi youma yoongoka ingathandize, malinga muyeso wa 32 usungike.

Chachiwiri ndi waya. Chisa chodzaza uchi m'felemu lakuya chilemera makilogalamu awiri kapena atatu. M'kati mwa mng'oma njuchi zisunga kufunda kwa madigiri 35, ndipo m'nyengo ya dzuwa phula lifewa. Popanda waya chisa chithyoka pochinyamula, makamaka m'makina okhutula uchi. Pa felemu lakuya apingasa mawaya anai, pa losaya awiri. Waya akhale wopyapyala ndi wosachita dzimbiri, ndipo mumkoke kufikira alira ngati chingwe cha bangwe mukamkhudza.

Chachitatu ndi chipepala cha phula chija. Chikhale cha phula la njuchi lenileni. Chosakaniza ndi phula la makandulo a m'sitolo chilendewera pa kutentha, ndipo njuchi zichikana. Kumene chipepala sichipezeka, sungunulani phula loyera, muthire kamzere kamodzi pakati pa kathabwa ka pamwamba, kuyambira nsonga kufikira nsonga. Njuchi zidzatsata kamzereko. Mukatero, bokosi likhale lokhazikika, losapendekera mbali imodzi, chifukwa njuchi zimanga chisa molunjika pansi, osasamala kumene felemu laloza.

Nanga a pulasitiki? Tinene chilungamo. Aumbidwa amphumphu, felemu ndi maziko a chisa pamodzi. Safuna misomali kapena waya, chiswe sichiwadya, ndipo athyoka mobvuta m'makina. Alimi akulu a maiko ena awakonda chifukwa cha zimenezi. Koma chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Akasiyidwa padzuwa apindika, ndipo lopindika silioongokanso. Njuchi zichedwa kumangapo ngati sanapakidwe phula lokwanira. Lamtengo likathyoka, mmisiri wa m'mudzi alikonza ndi msomali umodzi. Likagwidwa ndi nthenda, muliwaula pang'ono ndi moto. Lapulasitiki sililola zonsezi. Ndiponso zipinda zache zidindidwa pa muyeso wa njuchi za ku Ulaya, mamilimita opitirira 5, pamene zipinda zimene njuchi zathu zimanga zokha sizikwana mamilimita 5. Banja la ming'oma iwiri kapena isanu silitaya kanthu likakhala ndi matabwa.

Chimene banja lichite

Choyamba, popita kwa mmisiri kapena kwa wogulitsa, senzani bokosi lanu, ndi felemu limodzi labwino la chitsanzo ngati mnzanu angakubwerekeni. Musaitanitse ndi dzina lokha.

Chachiwiri, tengani pensulo ya mwana wa sukulu, pakuti kunenepa kwache kuli pafupifupi mamilimita 7. Kolowekani felemu m'bokosi, mulowetse pensulo pakati pa felemu ndi khoma, mbali zonse ziwiri. Ikakana kulowa, njuchi zidzamata; pakatsala malo a pensulo yachiwiri, zidzamangapo. Yesaninso pansi ndi pamwamba, ndipo muyese felemu liri lonse musanalipire.

Chachitatu, sankhani mfunda umodzi, mukhale nao. Ubwino wonse wa felemu uli pa kusinthana: kuti mutenge chisa cha ana m'mng'oma wamphamvu, mukapatse wofooka, kuti wotaya mfumukazi upate mazira kwa unzache. Ndipo ngati mabanja a mudzi umodzi apangana muyeso umodzi, angathe kubwerekana zipangizo ndi kusonkherana makina amodzi.

Chachinai, dziyeseni. Ngati kwanu kulibe makina okhutula uchi, kulibe waya woyenera, kulibe mmisiri wosunga milimita, musachite manyazi kuyamba ndi timatabwa ta pamwamba tokha. Mtengo wache ngwochepa. Mudzathabe kutulutsa chisa ndi kuona ana. Ndipo popeza zisa za uchi zifinyidwa, mudzapata phula lambiri la makandulo ndi la malonda. Bokosi la mafelemu m'dzanja la munthu wofinya zisa ndi manja ndi ndalama yotayika. Mng'oma wa makolo sitiunyoza, pakuti unatilera. Koma tikumbuke kuti khungwa lonse likasendedwa pa mombo, mtengowo ufa, ndipo ndi mtengo womwewo umene njuchi zikatengako chakudya. Amene afuna wa makolo agobe chipika cha mtengo wogwa kale.

Chachisanu, samalani zimene mwagula. Zisa za ana zida ndi kukalamba. Zikatha zaka ziwiri kapena zitatu zichotseni, musungunule phula, mupale felemu, mulibwezere. Mafelemu a zisa zopanda njuchi musawatsekere m'mdima, chifukwa mphutsi za njenjete zidzadya phula ndi kuboola thabwa lomwe. Akhale poyera, popita mphepo.

Ife tinabwerera kwa mmisiri wathu chaka chotsata, bokosi pamutu, pensulo m'thumba. Titamfotokozera za mpata wa njuchi anaseka, nati: "Aphunzitsi, zaka zonsezi anthu andidzudzula chifukwa cha mipata, ndipo inu mufuna kundilipira kuti ndiisiye?" Anapanga ena a paini, opepuka, ogwedera pang'ono, osakongola monga oyamba aja. Nyengo yofula itafika tinawakweza ndi zala ziwiri, limodzi limodzi, njuchi ziri phee pa zisa zao. Tinatenga a uchi wokhwima, tinabwezera a ana. Botolo loyamba tinapereka kwa mwini mbuzi uja.

Mwezi wa mawa tidzakamba za utsi ndi zobvala za pofula, ndi za nthawi yoyenera kutsegula mng'oma. Amene muli ndi mafunso mupatsire aphunzitsi a kwanu, adzatifikitsira.